Nkhuni za ku Changata

Lolemba, 5 Febuluwale 2024

Mvula chiyambireni Lachisanu. Msewu wa ku Khonjeni phala lokhalokha.

M'mawa foni ya bwana Mhango, manijala wa fakitale ya tiyi. Moni ayi. "Mayi Nampinga, bwerani mudzaone zimene mwatichita." Ine kuyesa lole yagunda geti. Ayi, nkhuni.

Zaka zonsezi ndikuwapatsa bulugamu wa ku boila anthu amenewa, osaphonya. Loleyo ndinaigula pa ngongole ya banki podalira kontirakiti yomweyi. Loweruka Crispin, mlongo wanga amene amaiyendetsa, anakatsitsa maulendo atatu. Zouma gwa. Mu Febuluwale, pamene aliyense akulira nkhuni zauwisi! Ndinamuyamika mpaka kumugulira mayunitsi.

Ndafika. Mulu wanga uli pabwalo mmene anautsitsira. Chumuni zii. Anthu osonkha moto akhala pakhonde, manja m'khwapa. A Blackson, kapitawo wawo, andionetsa chikuni chimodzi: waya wadzimbiri walowa m'khungwa, ndi timaluwa ta pulasitiki tofwifwa. Nkhata ya pamanda.

Akuti nkhuni zanga ndi za kumanda, iwo sasonkha. Dzulo lonse ng'anjo sinayake. Tiyi amene anali atagayidwa kale wasasa poyembekeza kuumitsidwa, masamba ena apsa okha pamulu. Fungo lake mpaka kugeti.

Mutu wandiima. Crispin wathimitsa foni.

Lachiwiri, 6 Febuluwale

Ndamupeza kwa mkazi wake, wafunda bulangete masana ngati wodwala malungo. Ndamuvundukula.

Nkhani yake nayi. Namondwe wa chaka chatha anagwetsa mitengo ikuluikulu ya bulugamu ku Changata. Yakhala chigonere mpaka kuuma. Anamugulitsa ndi Raphael wina wake amene munda wake unachita malire ndi manda. Mtengo wake theka.

Ndamufunsa, iwe sunaone mitanda? Yankho lake ndiye landimaliza. "Achemwali, mizu yokha ndi imene inali kumanda. Thunthu lonse linagwera kunja, m'munda mwa Raphael."

Mizu kumanda, thunthu kunja! Munthu wa ndevu, wa ana anayi, wobadwira kuno. Ngakhale mwana woyamba kumene sukulu amadziwa kuti nkhuni ya kumanda imayaka pamaliro pokha, siilowa pakhomo pa munthu. Iye waikweza palole yanga, yolembedwa dzina langa pachitseko, mpaka ku fakitale.

Akuti amafuna kundisangalatsa. Ndasangalala ndithu.

Raphael naye wasowa. Akuti ali ku Mozambique kukagula chimanga.

Lachinayi, 8 Febuluwale

Kalata ya fakitale. Chingerezi cholemera, masamba awiri. Tanthauzo lake lalifupi: tiyi yense amene waonongeka ndilipire ine. Ndalama za nkhuni za mwezi wa Januwale aziimika. Kontirakiti aiimika. Mulu wanga ndikachotse.

Mtengo wa tiyiyo ndauwerenga kawiri. Ngakhale nditagulitsa lole, nyumba ndi Crispin yemwe, sindingafikepo.

Ndapita ku ofesi ndi kontirakiti m'manja. Ndati bwana, werengani nokha. Bulugamu. Wouma. Wodula mita imodzi. Pali pamene palembedwa kuti mtengowo ukhale woti sunaonepo maliro? Munthuyu ndi wa kumpoto, wabwera chaka chatha, wa mafuta onunkhira ndi nsapato zosadziwa matope. Waseka pang'ono. "Mayi, ine zamizimuzi sindizikhulupirira. Koma nkhuni imene antchito anga sangaigwire, kwa ine si nkhuni."

Ndiye kuti ine ndilipire zinthu zimene iye mwini sazikhulupirira. Koma ndiye!

Ndamufunsa za nkhuni zawo zosungira. Fakitale yonseyi, nyengo imene tiyi wachuluka chonchi, ilibe ndi mulu umodzi wapadera? Wayang'ana pawindo. Alonda a pageti andinong'oneza kuti shedi yawo idasasuka denga mu Disembala, zonse zili chonyowa, palibe anakonza.

Zimenezo m'kalata mulibe.

Loweruka, 10 Febuluwale

Ndati chabwino, ndikachotse muluwo, ndikagulitse kwina.

Anyamata a ganyu amene amapakira nthawi zonse akana. Ndawonjeza ndalama, akana. Mmodzi akuti dzanja lamutupa chigwirireni Loweruka lija. Ndaliona dzanjalo: chithupsa wamba. Iye akuti ayi.

Masana foni ya mwini bekale ku Luchenza. Sabata ino ndisabweretse. Akuti makasitomala ayamba kufunsa kuti buledi akuphikira nkhuni za ndani. Nkhuni zimene ndimamupatsa ndi za ku Khonjeni, za m'nkhalango imene ndinadzala ndekha! Akuti akudziwa, koma anthu.

Anthu. Pamsika andipatsa kale dzina, Mayi Manda. Wogulitsa tomato wandiponyera chenji patebulo, kuopa kukhudza dzanja langa.

Ndagula shuga, sopo, panado.

Lachiwiri, 13 Febuluwale

Ku Limbe, kwa loya. Minibasi kudzaza ngati matumba, ine pa injini, miyendo kupsa.

Loya wake Tamando, mtsikana msinkhu wa mwana wanga, koma pakamwa lumo. Waseka mpaka kuvula magalasi. Akuti pa sukulu yonse ya malamulo sanamvepo mlandu wotere. Ine sindinaseke, ndalama yongomuonera yokha ndi matayala awiri.

Kunena kwake: ine ndinapereka zimene tinagwirizana. Antchito okana ndi a fakitale, si anga. Shedi yodontha ndi yawo. Koma pali mzere umodzi umene iwo adzakakamira, woti nkhunizo zikhale "zoyenera ntchito yake". Akuti maloya awo adzanena kuti munthu wa ku Thyolo wogulitsa nkhuni amayenera kudziwa kuti za kumanda palibe angasonkhe.

Ndati nanga ine ndinadziwa? Akuti Crispin anadziwa, ndipo pa malamulo Crispin ndi dzanja langa.

Dzanja limeneli kulidula kungathandize?

Ndafunsa kuti mlandu ungathe liti. Wangotukula mapewa. Mwina chaka, mwina ziwiri. Banki siidikira ngakhale Lachisanu.

Lamulungu, 18 Febuluwale

Ku tchalitchi. Pabenchi ya amayi a chigwirizano malo ambirimbiri mbali zanga zonse ziwiri. Sindinakhalepo momasuka chonchi.

Owerenga mawu lero ndani? A Blackson! Jekete lakuda, Baibulo m'manja, mawu ogwira mtima. Mkulu wa mpingo wathunthu, amene amatiphunzitsa kuti akufa akugona ndipo alibe gawo pa za pansi pano. Lamulungu akutero, pakati pa sabata akuthawa chikuni. Ndimafuna kuimirira ndiwafunse kuti bambo, tikhulupirire ziti?

Potuluka andipatsa moni, manja awiri, maso pansi. "Mayi, musatione ngati adani." Ndangoti zikomo. 

Ngati si adani, ndi ndani? Akadangoponya nkhunizo m'moto, lero bwenzi tonse tikumwa tiyi.

Kunyumba Crispin wabwera ndi nkhuku yopepesera. Ndailandira nkhukuyo. Iye ndamubweza.

Lachinayi, 22 Febuluwale

Zoseketsa zina. Fakitale imene inandilamula kuti ndichotse mulu, lero maloya ake akuti ndisaukhudze, ndi umboni. Ndiye uli pamtetete, mvula ikuuthira usana ndi usiku. Ukadzafika ku khoti udzakhala wonyowa, adzati onani, sanabweretse nkhuni zouma. Ndamuuza Tamando akajambule msanga. Akuti mayendedwe ake ndilipire.

Lole yangoima pakhomo. Nkhuku zayamba kuikira pansi pake.

Abanki aimba. Mawu okoma, "tikungokukumbutsani, mayi". Ndawafotokozera za manda. Mnyamata woimbayo akuti pa fomu yawo palibe poti alembe zimenezo.

Ndayesa owotcha njerwa, ndayesa sukulu yogonera konko. Aliyense: tidzakuimbirani.

Lisa, mwana wanga, watumiza uthenga kuchokera ku koleji, akufunsa za fizi ya teremu ikubwerayi. Ndayankha kuti zili bwino.

Ndatopa. Thupi lonse kuphwanya ngati ndapakira ndekha maulendo atatu aja.

Lachiwiri, 27 Febuluwale

Andiitana ku fakitale. Bwana Mhango lero moni alipo, ndi mpando womwe, ndi kapu ya tiyi. Ndadziwa kuti pali kanthu.

Zawathina nawonso. Amene akuwapatsa nkhuni panopa akubweretsa zauwisi, moto sukugwira, tiyi akutuluka wa fungo la utsi. Akuluakulu a ku Blantyre ayamba kufunsa za shedi ija. Ndipo mulu wanga, pansi pake, ukadali wouma kuposa zonse zimene ali nazo.

Ndiye akambirana ndi osonkha moto. Achinyamata avomera motere: mwini nkhuni abwere, aponye yekha chikuni choyamba m'ng'anjo, ndi manja ake, iwo akuona. Ngati pali tsoka litsate iyeyo. Akatero, zotsalazo asonkha.

Ndikachita zimenezi, mlandu wa tiyi authetsa, ndalama za Januwale andipatsa, kontirakiti ipitirira. Wina aliyense wokana pambuyo pake, ntchito yatha. Apa bwana anayang'ana kwa a Blackson, amene anaima pakhomo chipewa kumanja. 

Basi? Chikuni chimodzi? Masabata atatu osagona tulo, maloya, minibasi, manyazi pamsika, mankhwala ake chikuni chimodzi!

Ndamuimbira Tamando. "Mayi, ponyani ngakhale khumi. Koma asaine kaye pepala, musanagwire kanthu."

Lachisanu m'mawa.

Lachinayi, 29 Febuluwale

Nkhani yafika kale paliponse. Mayi anga aang'ono abwera kuchokera kumudzi pa kabaza, kudzandiletsa. Ayankhula Chilomwe chokhachokha, chimene amachisunga pa nkhani zoopsa. Akuti ndidzatupa miyendo, akuti ndidzayamba kuyankhula ndekha pamsewu. Ndawauza kuti kuyankhula ndekha ndayamba kale, ndipo wandiyambitsa ndi Crispin, osati akufa.

Crispin naye akuti apite iyeyo akaponye m'malo mwanga. Tsopano walimba mtima! Koma ku fakitale akufuna mwini, osati dzanja.

Mantha? Pang'ono, kunama n'kulakwa. Ndinakulira kuno, podutsa kumanda sindiloza chala. Koma wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Ndinasankha ndekha bizinesi imeneyi. Akufa sadya, Lisa amadya. Akufa alibe ngongole ku banki.

Ndasita chitenje cha chigwirizano. Aone kuti akuponya ndi mkhristu.

Ndauza Crispin atchaje batire ya lole. Lolemba tiyambiranso.

Lachisanu, 1 Malichi

Sindikudziwa poyambira.

Ndafika. Pepala lili patebulo, bwana asaina, ine ndasaina, akuti ligwira ntchito chikuni chikangolowa m'moto. Tatsikira ku boila. Anthu! Osonkha moto, a ku makina, alonda, ngakhale amayi othyola tiyi ndi madengu kumsana aima kumpanda. Ngati kuli mpira.

Kutentha kwake kosasimbika. Ndapita pamulu, ndasolola chapansi chouma bwino, chapakatikati, choti ndinyamule ndekha. Chopepuka. Mumtima ndikuti, taonani, mtengo ngati mtengo uliwonse.

Wotsegula chitseko cha ng'anjo ndi kapitawo, ndiye ntchito yake. A Blackson akoka chitsulo, moto uwo, kuwala mpaka kumaso. Ndayandikira. Tinali awiri okha pamenepo, ena onse patali chifukwa cha kutentha. Ndawanena motsitsa, mwaukali ndithu, kuti bambo, inu mkulu wa mpingo, mwandizunziranji chonchi chifukwa cha mantha?

Ayankha osandiyang'ana. Mawu awo ndawasunga onse. "Si mantha, mayi. Kwathu ndi ku Changata. Mitengo imeneyi tinadzala tokha, aliyense kumutu kwa wake, poti ndalama ya chiliza tinalibe. Wanga ndi wa Olivia, mwana wanga woyamba. Chikuni chake ndi chiti, sindikudziwa. Ponyani inu, simukumudziwa."

Ndipo agwirabe chitsekocho, kundidikira.

Ndayang'ana chimene ndanyamula. Ndayang'ana mulu. Zonse zofanana, zodula mita imodzi, monga mwa kontirakiti.

Bwana Mhango kumbuyo, "Tiyeni mayi, moto ukuthawa." Ndikumva bwinobwino. Mutu ukuti ponya, Lestina, ponya, lole, fizi, ponya! Manja ayi. Ndaima mpaka nsidze kuyamba kununkha.

Ndabwerera. Ndachiika pamulu pomwe ndinachitenga. Bwinobwino, ngati chingasweke.

Bwana anang'amba pepala pamaso pa anthu onse. "Tikaonana ku khoti." Tamando pafoni anakuwa mpaka ndinachotsa kukhutu.

Ndakwiya. Ndakwiya ndi a Blackson kuposa kale. Bwanji osanena tsiku loyamba lija? Bwanji osangokhala chete mpaka nditaponya? Kudikira ndafika pakamwa pa moto! Ndakwiya ndi Crispin, ndi Raphael, ndi namondwe. Koposa onse ndakwiya ndi ine ndemwe. Mwana amene sindinamuonepo, amene anamwalira ine ndisanagule ngakhale nkhwangwa, wandilanda lole.

Mayi aang'ono akuti Mulungu wandipulumutsa. Ndawapatsa ya kabaza.

Lachitatu, 6 Malichi

Sindinatuluke. Mutu.

A Blackson anabwera dzulo, ndinauza Crispin anene kuti ndagona. Asiya nthochi mkoko umodzi pakhonde. Amuuza Crispin kuti sananene poyamba chifukwa bwana akadayesa akufuna chipukuta misozi.

Ntchito yawo ilipo, poti nkhunizo sizinalowe m'moto ndiye palibe chimene akana. Yanga ndi imene yapita. Kontirakiti apatsa munthu wa ku Luchenza.

Nthochizo zapsa bwino. Ndadya ziwiri, mokwiya.

Lachisanu, 12 Epulo

Kalekale osalemba. Cholemba chake chiti?

Mlandu aupatsa tsiku mu Seputembala. Tamando akuti tikhoza kupambana pa nkhani ya shedi. Tikhoza. Lisa ndamuuza zoona, walira, kenako wapeza ganyu yotayipa ku Limbe. Ndagulitsa gawo la nkhalango ya ku Khonjeni, yosakhwima, pa mtengo wozizira.

Dzulo maloya a mbali zonse agwirizana kuti zithunzi zakwana, mulu utha kuchoka. Bwana Mhango akuti ukapanda kuchoka pofika Lachiwiri ndiyamba kulipira malo. Mpaka pano munthuyu sanatope nane.

Wogula palibe, ndipo sindikumufunanso. A ku Changata akuti tikatsitse m'mphepete mwa manda momwemo, zizidikira maliro. Opakira apezeka: a Blackson ndi amuna a kwawo, akuti abwera mbandakucha, ndalama sakufuna. Dizilo ndiye wanga. Ndakongola kwa mayi aang'ono, tangoganizani.

Abanki aimba masana ano. Mawu okoma aja atha. Lolemba akubwera kudzatenga makiyi.

Ndawauza abwere madzulo. M'mawa lole ili ndi ulendo wa ku Changata.